Mutu 4: Sikipa ya M'jumbo

1. Galu wa pageti

Kwathu kuno ku Ballarat, nyumba yopanda galu timaiyang'ana ngati ili ndi vuto. Nyumba ya a Hartigan inalibe galu, ndipo vutolo linalipodi. Mwana wawo wamng'ono, Marnie, anali ndi mphumu. Nyengo yozizira yapitayo anagonekedwa m'chipatala milomo itachita kuda chifukwa chobanika, ndipo kuyambira pamenepo sankasiyana ndi kampope kake ka mankhwala.

Mkulu wake, Tegan, wa zaka khumi ndi zinayi, ndiye ankalirira galu mpaka makolo makutu kuwawa. Amayi awo, amene ankayendetsa zimagalimoto ku migodi yakutali n'kumabwera kunyumba mwa apo ndi apo, anagonja pomaliza. Koma anaika lamulo limodzi pa foni.

"Galu abwere. Koma chifuwa cha Marnie chikangomukana, nkhani ya galu ithere pomwepo. Sindikufuna kuonanso mwana wanga atamuika timapaipi m'mphuno."

Tegan anali atasankha kale mtundu wake. Ankafuna gurudo, galu uja wobadwa kwa agalu a mitundu iwiri, pudo ndi ritiriva, amene anzake onse kusukulu ankalumbira kuti sayambitsa chifuwa.

Loweruka lina m'mwezi wa Disembala, dzuwa likuswa mtengo, iye ndi bambo ake, a Des, anakwera pikapu kupita ku famu ya mayi wina woweta agalu amenewa, a Glenys Dunstan. Marnie anamusiya kwa aneba. A Glenys anali atanenetsa kuti mwana wodwalayo asabwere kaye, koma iwo abweretse sikipa yake imodzi.

Famuyo inali kutali. Phula linatha, n'kuyamba msewu wafumbi wodutsa m'mabulugamu okhaokha. Pageti anapeza chigalu chofiirira chitagona. Chitamva galimoto chinadzambatuka n'kudzasuzumira pawindo. Chinanunkhiza a Des, chinanunkhiza Tegan, kenako mchira unagwa n'kubwerera pamalo pake paja.

"Mlonda wanji wosauwa ameneyu?" a Des anatero akuseka.

"Si mlonda ameneyo," anayankha mayi wa imvi amene ankatsegula geti, nsapato zili matope okhaokha. "Ndi Digger. Pali anthu amene akuwadikira. Lowani, nkhani yake muimva."

2. Kagalu ka khutu loyera

Tegan ankaganiza kuti akangotsika aona tiagalu. Ayi ndithu. A Glenys anawakhazika kukhitchini, n'kuwaikira tiyi ndi masikono, mafunso n'kuyambika. Mpanda wanu ndi wautali bwanji? Masana pakhomo pamakhala ndani? Nanga womupesa tsiku ndi tsiku adzakhala ndani, poti ubweya wa agalu amenewa ukangoulekerera umamangana mfundo?

"Koma a Glenys," a Des anadandaula, "ngakhale apongozi anga sanandipanikize chonchi pamene ndinkakwatira mwana wawo."

"Apongozi anuwo ankadziwa kuti mwana wawo akatopa nanu adzanyamuka yekha. Galu sanganyamuke."

Anawauza kuti dokotala wa ziweto anapima makolo onse awiri a tiagaluto maso, mtima ndi mafupa a m'chiuno asanawakumanitse. "Munthu akadzakuuzani kuti mukumane poimika magalimoto, kagalu kali m'katoni, mayi wake osamuona, mudzathawe. Amene amabisa mayi amabisanso matenda."

Kenako anawatengera m'chipinda cha kuseri. Mayi wa tiagaluto, ritiriva wofatsa dzina lake Hazel, anali atagona chammbali, ana ake akumukwera pamutu. Kena kakuda, ka ubweya wopotanapotana, kanangokhala pakona n'kumawayang'ana alendowo ngati kakuwakayikira. Koma kena kagolide, ka ubweya wosalala ndi khutu limodzi loyera kunsonga, kanabwera molunjika kwa Tegan. Kanaluma chingwe cha nsapato yake, kanakwera pamiyendo pake, n'kugona tulo.

"Adadi, ndi aka," Tegan ananong'ona. "Dzina lake ndi Toffee."

A Glenys sanamwetulire.

"Tamvera, mwanawe. Anthu amati agalu awa sayambitsa chifuwa. Limenelo ndi bodza la ogulitsa. Chimene chimavuta si ubweya wokha ayi, koma malovu ndi fumbi la pakhungu. Ndipo ana a mimba imodzi amasiyana. Wina amatengera bambo, wina amatengera mayi. Kako aka katengera mayi wake, ndipo mtima wanga sukukhazikika nako. Koma ine si mneneri. Chifuwa cha mng'ono wako ndicho chitiuze. Sikipa ija ili kuti?"

A Des anatulutsa sikipa yabuluu ya yunifolomu ya Marnie. A Glenys anakapukuta nayo kagaluko thupi lonse, pamimba, kumakutu, n'kukasiya kuti kainyambite mpaka kunyowa. Kenako anaiika m'jumbo n'kumanga mfundo.

"Mwanayo akaivale masana onse, inu a Des muli pomwepo, kampope kali pafupi. Musaichape, musaiyanike, musaikutumule. Akayetsemula mundiuze. Akakanda maso mundiuze. Akadutsa bwino, ndiye adzabwere adzakumane nako maso ndi maso."

Anayang'ana Tegan kwa kanthawi, n'kuloza kugeti.

"Digger uja ndinamupereka kwa banja lina ali ngati Toffee wakoyu. Mwana wawo ankadwala ngati Marnie. Sikipa anatenga, koma sanamuveke. Anandiimbira kuti zonse zili bwino, poti ankafuna galu afike Khirisimasi isanakwane. Anakhala naye mpaka anakula, mwana akungodwaladwala. Tsiku lina anabwera naye, anamutsitsa pageti paja, galimoto n'kubwerera. Ine galu wanga sindimukana, akabwerera ndimamulandira. Koma iye sadziwa kuti analakwa chiyani. Galimoto iliyonse ikalira amati ndi iwo. Galu sadziwa kubweza mtima, mwanawe. Akaupereka waupereka."

3. Pachingwe choyanikira

Atamutenga Marnie kwa aneba n'kufika kunyumba, a Des anaika jumbo ija pamwamba pa firiji.

"Aivala mawa tikadya nkhomaliro. Wina asaikhudze."

Ananyamula zitsulo zawo kupita kukakonza mpope kwa aneba. Chitseko chisanatsekeke n'komwe, Marnie anali atamugwira kale mkulu wake mkono.

"Tegs, ndingonunkhizako pang'ono. Pang'ono pokha."

"Wamva zimene anena adadi."

"Iwe wakanyamula, wakagoneka pamiyendo. Ine ngakhale fungo lomwe? Ndiwe womana ngati mphaka wa aneba."

Tegan anatsitsa jumbo ija n'kumasula mfundo. Marnie analowetsamo mphuno, anakoka mpweya, n'kumwetulira. Kumwetulirako sikunakhalitse. Anayetsemula, anayetsemulanso, mpaka misozi. Maso anafiira nthawi yomweyo.

"Ndi fumbi la pafiriji," anatero msangamsanga akudzitikita ndi chikhatho. Anathamangira kubafa kukasukusula.

Tegan anatsala yekha m'khitchinimo, jumbo ili m'manja. Mawu a amayi ake anali omveka bwino: nkhani ya galu ithere pomwepo. Ataponya maso pawindo, anaona zovala pachingwe. Pakati pake panali sikipa ina yabuluu ya Marnie. Nanga yunifolomu ili ndi nkhope? Zonse n'zofanana.

Tisamunamizire kuti sankadziwa chimene ankachita. Ankadziwa. Anatuluka, anaanula sikipa yochapa ija, anaikwinyakwinya kuti ioneke yogwiridwa, n'kuiika m'jumbo. Ya malovu a Toffee anakaikankhira pansi pa bini, n'kuvundikira ndi udzu wotchetcha. Pamene bambo ake ankabwerera, jumbo inali pafiriji, mfundo ili gwa.

4. Mayeso opanda mayeso

Lamulungu masana Marnie anavala sikipa ija. A Des anakhala pampando maso ali tcheru, kampope kali m'dzanja. Mwana anasewera, anajambula zithunzi, anadumphadumpha, mpaka anagona pakapeti sikipa itamufika kukamwa. Bambo ake ankabwera pafupipafupi kudzaika khutu pamsana pake. Chifuwa chinali zii.

Dzuwa litapendeka anaimba foni ku famu, mawu ali m'mwamba.

"A Glenys, wakhoza! Ngakhale kuyetsemula kamodzi komwe!"

A Glenys anadabwa. "Kagolide kaja? Chabwino, mwina ndayamba kukalamba. Mubwere naye Loweruka adzakaone."

A Des anaotcha masoseji panja chifukwa cha chisangalalo. Anamugwira Tegan paphewa. "Wandinyaditsa, Tegs. Ana ena akanavuta kuti tingogula wa pa intaneti. Iwe wadikira, watsata njira yake."

Tegan anangogwedeza mutu. Soseji yake anaisiya, ndipo anati mutu ukumupweteka.

Sabata yonseyo mipata yolankhula inalipo yambiri. Pa kadzutsa, m'galimoto, potsuka mbale. Koma tsiku lililonse Marnie ankabwera ndi chatsopano: lero kabulangete ka Toffee, mawa mbale yake. Bodza likagonera limalemera, ndipo pofika Lachisanu Tegan sankathanso kulinyamula kuti alitulutse.

5. Pakapinga

Loweruka m'mawa Marnie ankalongedza kachikwama kake. Anaikamo mpira, chingwe choti kagalu kazikoka, ndi botolo la madzi. Zipi itakana kutseka, anatulutsa kampope n'kukasiya patebulo.

"Marnie, kampope watenga?" bambo ake anakuwa ali kale m'galimoto.

"Zonse zili muno!" anayankha akumenya chikwamacho, n'kuthamanga.

Tegan anakayang'ana kampope kaja. Anakatola mwakachetechete n'kukaika m'thumba la kabudula wake.

Ulendo uno msewu unamutalikira. Nyumba zinatha, phula linatha, ndipo chipatala chinkatsalira m'mbuyo. Marnie ankaimba nyimbo yopeka yekha ya Toffee. Pageti Digger anadzukanso, ananunkhiza onse atatu, n'kubwerera kukagona.

A Glenys anati akumane panja, pakapinga, pamene pali mpweya. Anabweretsa kagalu kaja n'kukaika pansi. Marnie anagwada, manja atatambasula. Toffee anamulumphira n'kuyamba kumunyambita masaya, mphuno, m'khosi monse. Mwana anaseka mpaka kugwa chagada.

Kusekako kunasanduka chifuwa. Poyamba palibe anazindikira. Kenako Marnie anakhala tsonga, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu. Zikope zinatupa. M'khosi monse munatuluka timadontho tofiira.

"Chotsani galuyo!" a Des anakuwa. A Glenys anali atakanyamula kale.

A Des anakhuthula chikwama chija pakapinga. Mpira unagubuduka. Chingwe, botolo. Anachigwedeza, analowetsamo dzanja, anachitembenuza.

"Kali kuti? Marnie, kampope kali kuti?"

Mwana anatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Maso ake anali tong'o, akuyang'ana bambo ake.

"Ambulansi kuno imachedwa," a Glenys anatero foni ili kukhutu, nkhope itayera. "Munyamuleni, mukakumane nayo panjira."

"Adadi! Aka!"

Tegan anali atatambasula dzanja, kampope kali pachikhatho. Bambo ake anakatsomphola, anagwada, anamukhazika mwanayo mowongoka n'kumupopera. "Koka, mwana wanga. Gwira. Tulutsa pang'onopang'ono. Kokanso." Anabwereza, anabwerezanso. Pang'ono ndi pang'ono kamluzu kaja kanayamba kuchepa, mapewa anatsika, ndipo Marnie anayamba kulira. A Des atamva kulirako nawonso misozi inagwa, poti mwana wolira ndiye kuti mpweya ukulowa.

6. Zimene Tegan ananena

A Glenys anakatsekera kagalu kaja, anabwerera n'kukhala pasitepe ya khonde.

"Zaka zonsezi sikipa sinandinamizepo chonchi," anatero. "Mtima unkandiuza kuti kagalu aka ayi, ine osaumvera. Mwina sindinaipake bwino. Ndikanakupherani mwana, a Des. Kulakwa ndi kwanga."

"Musatero," a Des anayankha, Marnie ali pachifuwa pawo. "Tiyamike mkulu wakeyu. Pakanapanda iye kutola kampope, sindikudziwa kuti tikanatani. Tegs, wapulumutsa mng'ono wako."

Apa ndiye panali povuta. Palibe ankamukayikira. Sikipa yeniyeni inali itapita kale ndi galimoto ya zinyalala. Akanangokhala chete akanabwerera kunyumba ngati ngwazi, gogo wa eni ake n'kutsala akudziimba mlandu pasitepe.

"Sikuti sanaipake bwino," Tegan anatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye anabwereza mokweza. "A Glenys sanalakwe. Ndinasintha sikipa. Marnie atainunkhiza m'jumbo muja anayetsemula, ndiye ndinataya yeniyeniyo n'kuikamo yapachingwe. Kampope ndinakatenga chifukwa ndinkadziwa."

A Des anamuyang'ana ngati akuona mlendo. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

A Glenys ndiwo analankhula.

"Bwera kuno, uime pamene ndikukuona. Ukuganiza kuti ndimavutitsa anthu ndi sikipa chifukwa chosowa chochita? Ndimachita zimenezi kuti choipa chichitikire pa nsalu, osati pa mwana. Nsalu ikakana timataya. Iwe unachotsa nsaluyo n'kuikapo mng'ono wako. Unati ukukonda galu, koma tandiuza, zikanayenda lero mwamwayi, mukanapita naye kwanu. Akanazolowera bedi lako ndi fungo lako. Marnie akanadwala, n'kudwalanso, mpaka tsiku lina bambo akowa akanabwera kudzamutsitsa pageti paja. Ndikanakhala ndi agalu awiri odikira magalimoto. Chimenecho si chikondi, mwanawe. Ndi njala."

Tegan ankalira mosabisa tsopano, chimfine chili chuchuchu.

"Koma ndikuuzenso china," a Glenys anapitiriza, mawu atatsika. "Aja a Digger sanabwerepo kudzanena zoona. Mpaka lero amauza anthu kuti ndinawagulitsa galu woipa. Iwe wanena pamene palibe akanakugwira. Chimenecho ndachiona."

"Nanga Toffee?"

"Toffee si wako. Apita kwa banja lina, ndipo usandipemphe."

Tegan anagwedeza mutu. Zinamupweteka kwambiri, koma sanapemphe.

"Kakuda kaja kamene sunakayang'ane n'komwe katengera bambo wake, pudo. Mwina chifuwa cha Marnie chingakalole, mwina ayi. Sindilonjeza. Ndipo sindipakanso sikipa ina pokhapokha dokotala wa mwanayu atavomera, komanso mayi ako atandiimbira okha, atamva nkhani yonse kuchokera pakamwa pako. Tsopano nyamukani, mwanayu akamuone achipatala."

Potuluka pageti Digger anadzutsa mutu, anaiperekeza galimoto ndi maso, n'kuugonekanso. Tegan sanathe kumuyang'ana kawiri.

A Des ankayendetsa maso ali kutsogolo, nsagwada zitalimba. Atsikana awiriwo anakhala kumbuyo, Marnie atatsamira paphewa la mkulu wake, zikope zikadali zotupa.

"Pepa, Marnie," Tegan ananong'ona. "Ndinakunamiza."

"Sunandinamize," mwanayo anayankha ndi mawu osasa. "Ndinadziwa. Inkanunkhira sopo."

Tegan anamutembenukira. "Nanga bwanji sunanene?"

"Umamufuna kwambiri. Ndipo nthawi zonse zinthu zimakanika chifukwa cha ine." Anapuma kaye, n'kukoka mpweya. "Ndimati ndingopirira."

Tegan anamukumbatira mng'ono wakeyo. Pagalasi anaona kuti bambo ake amva zonse, ndipo akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Matayala atangogunda phula, foni inalira. A Des anaiyang'ana, anapatutsa galimoto n'kuima. Sanaiyankhe. Anatembenuka n'kuipereka kumbuyo.

"Ndi amayi ako," anatero. Anali mawu awo oyamba chichokereni ku famu. "Akufuna amve ngati Marnie wakakonda kagalu."

Tegan anailandira ndi manja awiri. Marnie anamugwira chala. Foni inkalirabe.